Kupatsa n'kuika: a Rubadiri ndi chipatala cha Mzuzu

Sabata ziwiri zapitazo ndikuphunzitsa ana a Fomu 3 za ubale wa dziko lino ndi maiko akunja, mtsikana wina wokhala kumbuyo adakweza mkono. "Aphunzitsi, maiko olemerawa amatipatsiranji zinthu zaulere? Kodi amatikonda?" Anzake adaseka. Ine ndidayankha zomwe zili m'buku, zoti maiko amathandizana pofuna mtendere ndi chitukuko. Adalemba m'kope mwake, koma nkhope yake idaonetsa kuti sadakhutire. Kunena zoona, nanenso yankholo silidandikhutiritse.

Loweruka lotsatira ndidakwera minibasi kupita ku Mzuzu kukazonda azakhali anga omwe adagonekedwa pachipatala chachikulu. Tikudikira pageti kuti nthawi yoonera odwala ikwane, bambo wina wachikulire yemwe adanyamula chakudya cha mkazi wake adandiuza kuti iye mpaka lero amachitchulabe kuti chipatala cha ma Taiwan. Adanena zoona. Chipatalachi chidamangidwa ndi ndalama za dziko la Taiwan ndipo chidayamba kulandira odwala m'chaka cha 2000. Apo ndidakumbukiranso kuti m'chipatala chomwechi ndimo mudamwalirira Pulofesa David Rubadiri pa 15 Sepitembala 2018, ali ndi zaka 88. Pobwerera ndidaona kuti yankho la mwana uja lili m'moyo wa bambo ameneyu ndi m'mbiri ya nyumba imeneyi.

Ambiri timawadziwa a Rubadiri ngati mlakatuli komanso ngati mkulu wa University of Malawi, udindo womwe adaulandira m'chaka cha 2000. Timaiwala kuti iwo ndiwo adali kazembe woyamba wa Malawi ku America ndi kubungwe la United Nations. Adabadwira ku Liuli, kutsidya kwa nyanja, mu 1930, ndipo adaphunzira ku Makerere ku Uganda ndi ku Cambridge ku Mangalande. Ntchito yawo yoyamba idali yanga yomweyi, yogwira choko. Atsamunda adawatsekera m'ndende mu 1959, ndipo ufulu usadafike adatsogolerapo koleji ya aphunzitsi ya Soche Hill.

Pa 18 Ogasiti 1964, patangotha sabata zisanu ndi imodzi dziko lino litalandira ufulu, a Rubadiri adalowa ku White House kukapereka zikalata zawo za ukazembe kwa Pulezidenti Lyndon Johnson. Adali ndi zaka 34, msinkhu wa ife omwe pamsonkhano wa m'mudzi amatiuzabe kuti tidikire akulu ayankhule kaye. Adapempha kuti America iwonjezere thandizo lake kudziko latsopanoli.

Taganizirani munthu yemwe adamupeza. Masiku ochepa m'mbuyomo, aphungu a ku America adali atangomupatsa Johnson mphamvu zokulitsira nkhondo ku Vietnam. Ku Congo kudali moto. Lamulo lothetsa tsankho la khungu m'malo odyera ndi ogona adali atangolisainira pa 2 Julayi, masiku anayi ufulu wathu usadafike, ndipo zaka zitatu zokha m'mbuyomo kazembe wa dziko la Chad adamukaniza chakudya m'lesitilanti ina pamsewu wa pakati pa New York ndi Washington chifukwa chakuda. M'mutu mwa Johnson, Malawi adali ndi malo amodzi basi: kodi kadziko aka kaima ndi ife kapena ndi achikomyunizimu a ku Moscow ndi Beijing? Thandizo lililonse likadatsatira yankho la funso limenelo.

Funso lomwelo lidali likuwotcha kale kuno kumudzi. Kazembe wa China ku Dar es Salaam adali atalonjeza ndalama zofika mapaundi 18 miliyoni ngati Malawi angavomere boma la Beijing. Kanyama Chiume wa ku Nkhata Bay, nduna yoona za maiko akunja, ndi anzake ena ankafuna kuti ndalamazo zilandiridwe. Kamuzu Banda, yemwe nthawiyo adali nduna yaikulu, adakana. Nduna zinkadandaulanso za ubwenzi wake ndi Apwitikizi omwe ankalamulira Mozambique, za malipiro a ogwira ntchito m'boma, ndi za tiki yomwe odwala adayamba kulipira kuchipatala. Pa 26 Ogasiti, masiku asanu ndi atatu a Rubadiri atagwirana chanza ndi Johnson, ndunazo zidamuuza Kamuzu pamaso. Pa 7 Sepitembala iye adachotsa Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo. Ena, monga Henry Chipembere ndi Yatuta Chisiza, adatula pansi maudindo pogwirizana ndi anzawo.

Tisafulumire kuweruza. Kamuzu adali ndi mfundo zake zomveka. Dziko lino lilibe doko, katundu wathu ankadzera ku Beira m'manja mwa Apwitikizi, ndipo abambo zikwizikwi ankagwira ntchito m'migodi ya ku Joni ndi m'mafamu a ku Rhodesia. Adaziyankhula poyera pamsonkhano wa atsogoleri a mu Africa ku Cairo mu Julayi 1964, kuti Malawi sangakwanitse kudana ndi omwe agwira khomo lake. Ndunazo nazo zidali ndi mfundo: dziko lomwe langomasuka kumene lingagwirane bwanji manja ndi omwe akuponderezabe abale ake? Imeneyi idali nkhani yoti akulu akhale pansi mpaka apeze njira yapakati. Chomwe chidalakwika n'choti m'nyumbamo mudalibe malo otsutsirana. Wotsutsa adasanduka chigawenga, ndipo ambiri adathawira kunja.

Kwathu kuno pokakamba za ukwati timatuma thenga kapena ankhoswe. Munthu ameneyu sayankhula zake. Amanyamula mawu a banja, ndipo kulemera kwa mawu ake kumachokera kubanja lomwe lamutuma. Ngati kuchimuna akumva kuti kwanu mukuthamangitsana ndi zikwanje, thenga wanu angavale jekete yokongola bwanji, akamuyang'ana ndi diso lina. Kazembe ndi thenga wa dziko. A Rubadiri adapezeka ali ku America akuyankhulira boma lomwe linkasaka anzawo. M'chaka cha 1965, atasemphana ndi Kamuzu, adausiya udindowo. Adasiya nyumba, galimoto ndi ulemu wa ku Washington n'kubwerera kuchoko. Adaphunzitsa ku Makerere mpaka nkhanza za Idi Amin zidawasamutsanso, kenako ku Nairobi ndi ku Botswana. Zaka pafupifupi 30 zidatha ali m'maiko a eni.

M'zaka zimenezo Malawi adasankha mbali yake ndipo adalandira malipiro ake. Mu 1966 tidakhazikitsa ubale ndi Taiwan. Mu 1967 tidakhala dziko lokhalo lolamulidwa ndi anthu akuda mu Africa lokhala ndi ubale wonse wa ukazembe ndi boma la tsankho la South Africa, ndipo ngongole ya kumeneko idathandiza kumanga likulu la Lilongwe ndi njanji yolumikiza ku Nacala. Pa 25 Okutobala 1971, pomwe United Nations idavota kuti mpando wa China uperekedwe kuboma la Beijing, maiko 76 adavomera, 35 adakana, ndipo Malawi adali mwa okanawo limodzi ndi America. Maiko a azungu ankadziwa bwino za ndende ya Mikuyu ndi za anthu otsekeredwa popanda mlandu. Thandizo silidaime. Margaret Thatcher adafika kuno mu 1989 n'kulandiridwa ndi nyimbo.

Kenako mphepo idatembenuka. Khoma la Berlin lidagwa kumapeto kwa 1989, Nelson Mandela adatuluka m'ndende mu 1990, ndipo Soviet Union idatha mu 1991. Mu Meyi 1992, patangopita miyezi iwiri maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo ija, maiko otithandiza adakumana ku Paris n'kuimitsa thandizo la chitukuko mpaka boma litasintha pa za ufulu wa anthu. Kamuzu wa 1992 adali yemwe uja wa 1975. Chomwe chidatha ndi ntchito yomwe ankawagwirira. Zidatikomera, chifukwa zidathandiza kutifikitsa ku riferendamu ya pa 14 Juni 1993, koma tisanamizane kuti chidali chikondi chomwe chidabadwa mwadzidzidzi. Akulu adati kupatsa n'kuika. Wopatsa amadziwa chomwe adzatenge, ndipo akaleka kuchifuna amatseka dzanja.

Boma la Bakili Muluzi lidawaitana a Rubadiri n'kuwatumizanso ku New York pa mpando womwe adausiya ali mnyamata. Adabwerera ali ndi imvi, m'dziko lapansi losinthika. Nthawi imeneyo Malawi adali mwa maiko ochepa omwe ankaimirira mu United Nations kuyankhulira Taiwan, ndipo m'nyengo yomweyo makoma a chipatala cha Mzuzu ankakwera. Apa ndi pomwe pali yankho la mwana wasukulu uja. Ku General Assembly dziko lililonse lili ndi voti imodzi, kaya ndi America kaya ndi Malawi. Mwa maiko 193 omwe ali m'bungweli, 54 ndi a mu Africa. Dziko losauka lili ndi voti, lili ndi siginecha yovomereza kuti boma lakutilakuti ndi lenileni, lili ndi nthaka ndi zomwe zili pansi pake. Taiwan inkafuna mawu athu, ife tinkafuna chipatala. Udali msika, ndipo msika si tchimo malinga ukudziwa chomwe ukugulitsa ndi mtengo wake.

Madokotala a ku Taiwan adagwira ntchito yooneka pachipatalachi. Anthu a ku Mzuzu, Mzimba, Rumphi ndi Nkhata Bay akukumbukira kiliniki ya Rainbow, komwe ambiri adayambira kulandira ma ARV m'zaka zomwe maliro adali tsiku ndi tsiku. Koma pa 28 Disembala 2007 boma la Bingu wa Mutharika lidasaina ubale ndi Beijing, ndipo pa 14 Januwale 2008 mayi Joyce Banda, omwe adali nduna yoona za maiko akunja, adalengeza kuti ubale wa zaka zoposa 40 ndi Taiwan watha. China salola kuti ukhale nayo uku uli ndi Taiwan, ndiye mapanga awiri sakadatheka. Madokotala aja adalongedza. Msewu wa Karonga-Chitipa, womwe Taiwan idauyamba, udamalizidwa ndi China. Kenako kudabwera nyumba ya malamulo ku Lilongwe, sukulu ya ukachenjede ya MUST ku Thyolo ndi bwalo la masewero la Bingu, zina zamphatso, zina zangongole yomwe tikubwezabe.

Sindikunena kuti Bingu adalakwa. Lero mu Africa monse ndi Eswatini yokha yomwe idatsala ndi Taiwan, ndipo dziko lofuna misika silingachite ngati China kulibe. Chomwe nkhaniyi ikutiphunzitsa n'choti nafenso timasiya abwenzi phindu likasamukira kwina, choncho tisamalire ngati ana amasiye ena akatichita zomwezo. Funso lomwe limandivuta ndi lina: pomwe akuluakulu ankasaina ku Beijing, ndani adakhala pansi kuwerengera odwala a pa Mzuzu, kuti madokotala akachoka alowe m'malo ndani, makina akaonongeka akonze ndani? Mapangano amasainidwa m'mahotela, koma zotsatira zake zimafika pabenchi pomwe azakhali anga amadikirira dokotala.

Mzinda wa Mzuzu udalawanso mbali ina ya nkhaniyi mu 2011. Mu Epulo chaka chimenecho boma lidathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, kalata yake yachinsinsi yodzudzula ulamuliro wa Bingu itatulukira poyera. Britain idabweza pothamangitsa woimira Malawi ku London, ndipo mu Julayi idaimitsa thandizo lake la mu bajeti. Ndalama zakunja zidali zikusowa kale chifukwa fodya sadayende bwino pamsika ndipo tidali titasemphana ndi IMF. Mizere ya galimoto m'malo omwetsera mafuta idatalika usiku ndi usana. Pa 20 Julayi anthu adatuluka m'misewu, ndipo pa zionetserozo padafa anthu pafupifupi 20 m'dziko lonse, ambiri mwa iwo ku Mzuzu. Manda awo ali ku Zolozolo. Patangopita masiku ochepa, America idaimitsa madola 350 miliyoni a bungwe la Millennium Challenge Corporation omwe adali okonzera magetsi, ndipo adadzatsegulidwanso mu 2012 boma litasintha.

Mtsogoleri ali ndi ufulu wokwiya mlendo akamunyoza m'nyumba mwake. Koma ntchito ya ukazembe idakhazikitsidwira nthawi ngati imeneyo, kuti mkwiyo udutse kaye m'manja mwa anthu oziziritsa mawu usadafike pagulu. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsogola. Dziko lomwe gawo lalikulu la bajeti yake likuchokera kwa ena liyenera kuwerengera mawu ake monga mayi amawerengera ufa m'mwezi wa Febuluwale. Komanso onani kuti zipolopolo za pa 20 Julayi zidatseka zitseko ku Washington msanga kuposa momwe kazembe aliyense akadazitsegulira. Ndi phunziro lomwe lija la 1964: zochitika kumudzi zimafika kunja thenga asadafike.

Lero zinthu zikubwerezanso. Mu Januwale 2025 boma la Donald Trump lidaimitsa thandizo la America kumaiko akunja, ndipo m'miyezi yochepa bungwe la USAID, lomwe chizindikiro chake tidachizolowera pamatumba a chakudya, m'zipatala ndi pamakoma a sukulu zina za sekondale zakumudzi, lidatsekedwa. Palibe yemwe adatifunsa. Chakudza sichiimba ng'oma. Pomwe dzanja lina likutsekeka, maso a maiko akuluakulu ali pa miyala yathu: yureniyamu ya ku Kayelekera ku Karonga, niobium ya ku Kanyika ku Mzimba, rutile ndi graphite za ku Kasiya ku Lilongwe, ndi miyala yosowa ya ku Kangankunde ku Balaka. America, China ndi maiko a ku Ulaya akulimbirana miyala yotereyi chifukwa ndiyo imapanga mabatire, mafoni, ndege ndi zida zankhondo. Alendo abwera ambiri, ndipo aliyense adzafika ndi mphatso m'manja.

Tidayesapo kale. Pangano la mgodi wa Kayelekera la mu 2007 lidatsitsa gawo lomwe boma limalandira pa miyala yogulitsidwa kuchoka pa 5 kufika pa 1.5 peresenti m'zaka zoyambirira, ndipo lidakhala lobisika kwa nthawi yaitali. Mgodi udaima mu 2014 mitengo itagwa, anthu a ku Karonga akufunsabe kuti adapindulanji. Amene sadziwa mtengo wa mbuzi yake amaigulitsa pamtengo wa nkhuku, n'kuthokozanso wogulayo.

Ndiye ine monga mphunzitsi wakumudzi ndili ndi zopempha zochepa kwa omwe amatiyankhulira kunja. Pangano lililonse lalikulu la ngongole kapena la migodi lizifika kunyumba ya malamulo ndipo liziwerengedwa poyera, ngakhale pawailesi m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, chifukwa obweza ngongolezo ndi ana omwe ndikuwaphunzitsa lero. Mphatso iliyonse izibwera ndi yankho la funso loti mwini wake akadzachoka tidzaiyendetsa bwanji, ndipo Amalawi oti adzaigwire aziphunzitsidwa kuyambira tsiku loyamba. Ndipo ku maofesi athu a ukazembe kuzipita anthu odziwa ntchitoyo. Boma lililonse chiyambire 1994 lamvapo dandaulo loti maofesi amenewa amasanduka mphotho ya ochemerera chipani ndi achibale. Munthu wokakhala patebulo limodzi ndi akatswiri a ku Beijing kapena Washington, omwe aphunzira za dziko lathu zaka ndi zaka, ayenera kudziwa mbiri, malamulo ndi masamu a ngongole. Dziko lino litangobadwa, ophunzira ali owerengeka, lidatumiza mmodzi mwa anthu ake ophunzira kwambiri. Lero tili ndi masukulu a ukachenjede angapo, chodzikhululukira palibe.

Pali chinanso chomwe ndimachilemekeza mwa a Rubadiri. Thenga wabwino amanyamula mawu a banja ngakhale ena sakugwirizana nawo, koma amakhala ndi malire omwe sangadutse. Iwo atafika pamalire awo adatula udindo, ndipo adalipira ndi zaka 30 za moyo wawo kutali ndi kwawo. Mwina n'chifukwa chake dziko litasintha lidawakhulupirira kachiwiri. Akuluakulu ambiri a masiku ano amatumikira boma lililonse ndi lilime lomwelo, dzulo kutamanda uyu, lero kutamanda mdani wake. Wakunja amaziona zimenezi, ndipo amadziwa kuti munthu wotere sachedwa kugulika.

Azakhali adatuluka m'chipatala Lachitatu, akupezako bwino. Lolemba lotsatira ndidalowa mu Fomu 3 ndi kuuza ana kuti atsegule pomwe tidalemba tsiku lija. Ndidamuitana mtsikana uja n'kumuuza kuti funso lake lidali labwino kuposa yankho langa. Ndidawafotokozera za chipatala cha Mzuzu, za yemwe adachimanga, chomwe ankafuna kwa ife, ndi momwe tidasiyanirana. Ndidalemba dzina la David Rubadiri pabolodi, ndipo mwa ana onse m'kalasimo awiri okha ndiwo adali atalimvapo. Kenako ndidawapatsa ntchito yokachitira kunyumba: aliyense apeze chinthu chimodzi m'dera lathu chomwe chidabwera ndi thandizo lakunja, kaya mjigo, mlatho kapena buloko ya sukulu, afufuze yemwe adapereka, chomwe woperekayo adapindula, ndi yemwe akuchikonza lero chikaonongeka. Nanunso awerengi, yesani ntchito imeneyi kwanuko, ndipo mundilembere zomwe mwapeza.